CHUMA-KUMWERA KWA AFRICA: Luso la ogwira ntchito, mpamba umene mabuku a kampani sawerengera

JOHANNESBURG – Usiku wa pa 25 Julayi 2022, mtsogoleri wa dziko la South Africa, Cyril Ramaphosa, adayankhula ku mtundu wonse pa wailesi ya kanema za vuto la kuthimathima kwa magetsi. Mwa mfundo zomwe adalengeza padali imodzi yosalira ndalama zambiri ngati zinzake: kampani ya boma yopanga magetsi ya Eskom idali itayamba kuitananso mainjiniya ndi akuluakulu ena oyang'anira malo opangira magetsi omwe adachoka m'zaka za m'mbuyomo.

Apa kampani yokhala ndi makina a ndalama zankhaninkhani, yomwe pa nthawiyo idali ndi antchito pafupifupi 40,000, idavomera poyera kuti chinthu china chofunika chidatuluka pa chipata limodzi ndi anthu omwe adasiya ntchitowo.

Nkhani ya Eskom ikukhudza chigawo chonse cha kumwera kwa Africa. Kampaniyi imagulitsa magetsi ku maiko oyandikana nawo monga Botswana, Namibia, Lesotho, Eswatini ndi Mozambique, ndipo imagula ena ku damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete. Koma phunziro lake likupitirira nkhani ya magetsi. Likufika kwa mwini fakitale aliyense, kwa oyendetsa migodi, njanji ndi mabungwe a madzi, komanso kwa aliyense amene amasaina kalata yochotsa anthu ntchito poganiza kuti akupulumutsa ndalama.

Chuma chosaoneka m'mabuku

Gwero la vutoli lili m'kawerengedwe ka chuma cha makampani. Kampani ikagula galimoto kapena makina, owerengera ndalama amalemba zinthuzo ngati katundu wake. Ikaphunzitsa mmisiri kwa zaka zinayi, ndalama zonse zomwe zalowa pamenepo zimalembedwa ngati zoonongedwa basi. Lamulo la kawerengedwe lotchedwa IAS 38, lomwe makampani akuluakulu a ku South Africa, Zambia ndi Malawi amatsata, sililola kulemba luso la antchito ngati katundu, pa chifukwa chomveka ndithu: munthu si wa kampani, ndipo akhoza kuchoka tsiku lililonse.

Zotsatira zake n'zakuti mkulu wa kampani akachotsa amisiri akale 100, mabuku a chaka chimenecho amaonetsa kuti wachita bwino, pakuti ndalama za malipiro zatsika. Palibe mzere uliwonse woonetsa zomwe zatayika. Kutayikako kumadzaonekera patapita zaka, mwina mkuluyo atakwezedwa kale pa udindo kapena atapita kwina.

Komanso gawo lalikulu la luso lotereli silingalembedwe n'komwe. Akatswiri a kayendetsedwe ka ntchito amasiyanitsa nzeru za mitundu iwiri. Pali nzeru zolembedwa, monga malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka makina, zomwe aliyense wodziwa kuwerenga angazipeze. Ndiye pali nzeru zokhala m'manja, m'maso ndi m'makutu a wantchito, zomwe ngakhale mwini wakeyo amavutika kuzifotokoza.

Madoda a ku Malawi, Mozambique ndi maiko ena omwe adapita ku Joni kudzera ku Wenela, kenako ku Theba, ankazidziwa bwino nzeru za mtundu wachiwiriwu. Asadayambe ntchito pamalo pomwe aphulitsa miyala, wantchito wozolowera ankagogoda denga la mgodi ndi chitsulo chachitali n'kumvetsera. Mwala wolimba umalira mosiyana ndi mwala womwe watsala pang'ono kugwa. Buku likhoza kunena kuti denga liyesedwe, koma khutu lozindikira kusiyanako limabwera munthu akaima pambali pa mnzake wakale kwa miyezi yambiri. N'chimodzimodzi ndi woyendetsa makina opangira magetsi amene amamva kuti pampu yayamba kunjenjemera mwachilendo zida zoyezera zisadaonetse kanthu.

Momwe chitsime chidaphwera

Eskom, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1923, idali ndi nzeru zotere zochuluka. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 idamanga malo akuluakulu opangira magetsi ndi malasha motsatizana, ndipo gulu lomwe lamaliza malo amodzi linkapita ndi zomwe laphunzira ku malo otsatira. Magetsi adachuluka mpaka kuposa ofunika, kotero kuti malo atatu akale, Camden, Grootvlei ndi Komati, adatsekedwa. Chiwerengero cha antchito chidatsika kuchoka pa oposa 60,000 m'katikati mwa zaka za m'ma 1980 kufika pafupifupi 30,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Poyamba zonse zinkaoneka bwino. Cha m'ma 2000, pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu ya makina a kampaniyi inkakhala yokonzeka kupanga magetsi nthawi iliyonse, ndipo m'chaka cha 2001 Eskom idalandira mphoto ya nyuzipepala ya Financial Times ngati kampani ya magetsi yopambana pa dziko lonse.

Koma chikalata cha ndondomeko ya boma pa nkhani za mphamvu cha m'chaka cha 1998 chidali chitachenjeza kale kuti pofika cha m'ma 2007 magetsi adzayamba kuperewera. Boma lidaletsa Eskom kumanga malo atsopano poyembekezera kuti makampani omwe si a boma abwera kudzamanga. Iwo sadabwere, ndipo chilolezo chomangira chidaperekedwa m'chaka cha 2004. Mu Disembala 2007, magetsi atayamba kuthima, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Thabo Mbeki, adavomera pagulu kuti Eskom inkanena zoona ndipo boma ndilo lidalakwa. Mu Januwale 2008 migodi ikuluikulu ya golide ndi pulatinamu idaima kwa masiku angapo chifukwa chosowa magetsi.

Chofunika kuona apa ndi mpata wa zaka. Ntchito yomanga Majuba, malo omaliza a m'badwo wakale, idayamba m'zaka za m'ma 1980. Ntchito yomanga Medupi, m'chigawo cha Limpopo, idayamba m'chaka cha 2007, ndipo ya Kusile, m'chigawo cha Mpumalanga, m'chaka cha 2008. Pa zaka pafupifupi 20 za pakatipo, ambiri mwa anthu omwe ankadziwa kuyang'anira ntchito yaikulu chotere adakalamba, adapuma kapena adapita ku makampani ena ndi ku maiko akunja, opanda ntchito yatsopano yoti aphunzitsirepo owatsatira. Malo awiriwa adachedwa zaka zambiri, mtengo wake udakwera kwambiri, ndipo atayamba kugwira ntchito padapezeka zolakwika pa kamangidwe zomwe zidafunika kukonzedwanso. Gawo lomaliza la Kusile lidayamba kupereka magetsi m'chaka cha 2025. Paja akuluakulu adati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Sikuti kutayika kwa luso ndiko kokha kudagwetsa Eskom. Makina adakalamba, ntchito yowakonza inkazengerezedwa pofuna kuti magetsi asathime, ndipo katangale adalowa mpaka m'kati. Bungwe lofufuza lomwe adatsogolera woweruza milandu Raymond Zondo lidafotokoza m'lipoti lake la 2022 momwe kampaniyi idagwera m'manja mwa anthu ogwirizana ndi banja la Gupta. Komabe katangaleyo nayenso adayamba ndi kuchotsa anthu odziwa ntchito. Mu Malichi 2015 akuluakulu anayi a kampaniyi adaimitsidwa ntchito tsiku limodzi, ndipo bungwe la Zondo lidapeza kuti cholinga chidali kutsegulira njira anthu ena. Kuyambira 2007 kufika 2023, mpando wa mkulu wa Eskom udakhalidwa ndi anthu oposa 10, kuphatikizapo ogwirizira.

Mtengo wa kulakwitsa kumodzi

Zomwe zidachitika ku Medupi mu Ogasiti 2021 zikuonetsa kukula kwa ndalama zomwe zimadalira manja a anthu ochepa. Jenereta ya malo ngati amenewa imaziziritsidwa ndi mpweya wa hydrogen, womwe umaphulika ukasakanizika ndi mpweya wamba. Pofuna kutsegula jenereta kuti aikonze, amisiri amayamba athamangitsa hydrogen yense ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo akatsimikiza kuti watha ndi pomwe amalowetsa mpweya wamba.

Pa 8 Ogasiti, patangodutsa sabata imodzi chilengezereni kuti ntchito yomanga Medupi yatha, jenereta ya gawo lachinayi idaphulika. Eskom idati mpweya wamba udalowetsedwa hydrogen akadalimo ndiponso kuti ndondomeko sidatsatidwe. Palibe yemwe adamwalira, koma gawolo, lomwe limapanga pafupifupi mamegawati 800, lidakhala chiimire kufikira mu Julayi 2025. Magetsi amenewo ndi ochuluka kuposa omwe dziko lonse la Malawi limapanga.

Malangizo olembedwa adalipo. Chomwe pepala silingachite ndi kuima pambali pa wantchito, kuona kuti wadumpha sitepe, n'kumugwira dzanja.

M'chaka cha 2023 magetsi adathima mwa dongosolo pa masiku oposa 300, ndipo mphamvu ya makina yokonzeka kugwira ntchito idatsika kufika pafupifupi 55 peresenti. Kumayambiriro kwa chakacho banki yaikulu ya dzikolo idayerekeza kuti vutoli likhoza kudula kakulidwe ka chuma ndi 2 peresenti.

Funso la mtundu wa anthu

Ku South Africa nkhani ya luso siichedwa kusanduka mkangano wa khungu. Nduna yoona za makampani a boma, malemu Pravin Gordhan, italandira thandizo la bungwe la antchito la Solidarity, lomwe mamembala ake ambiri ndi azungu, ndipo bungwelo litapereka maina 300 a akatswiri m'chaka cha 2022, ena adadandaula kuti uku n'kunyoza mainjiniya akuda komanso kubwezera m'mbuyo kusintha komwe kudayamba m'chaka cha 1994.

Dandauloli lili ndi maziko. Pa nthawi ya tsankho, malamulo ankasungira azungu ntchito za luso. M'migodi, munthu wakuda sankaloledwa kukhala ndi chiphaso chophulitsira miyala kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ngakhale kuti ntchito yambiri yokonzekera kuphulitsako ankaigwira ndi iyeyo. Amenewa adali anthu odziwa ntchito omwe nzeru zawo sizinkalembedwa pa chiphaso kapena kulipidwa. Kutsegulira anthu akuda, ndiponso amayi, ntchito zimenezi kudali koyenera, ndipo lamulo la Employment Equity Act la 1998 lidabwera pa chifukwa chimenecho.

Pomwe padavuta ndi kapatsiranidwe. Kampani ikalipira wakale kuti apume msanga, ndipo wachinyamata n'kulowa pa mpandowo mwezi wotsatira, awiriwo sakumana. Wachinyamatayo, kaya akhale ndi digiri yabwino bwanji, amayamba yekha kuphunzira zomwe mnzakeyo akadamuonetsa m'miyezi yochepa, ndipo amaphunzirira pa makina omwe dziko likudalira. M'zaka zomwezo, makampani a boma omwe kale ankaphunzitsa amisiri ambiri pa ntchito adachepetsa maphunzirowo, kufikira pomwe boma lidakhazikitsa ndondomeko yapadera ya JIPSA m'chaka cha 2006 pofuna kuthana ndi kusowa kwa amisiri ndi mainjiniya.

Kudziwa popanda mphamvu

Pali mfundo ina yomwe mkangano wa khungu umaphimba. Nthambi ya boma yoona za chuma itavomera kusenza R254 biliyoni ya ngongole za Eskom m'chaka cha 2023, idalemba ntchito gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi bungwe la vgbe la ku Germany kuti liyendere malo opangira magetsi ndi malasha. Lipoti lawo, lomwe lidatulutsidwa poyera m'chaka cha 2024, lidaloza chala kwambiri pa kayendetsedwe. Lidati dongosolo la utsogoleri lidali lopiringizika, zinthu zambiri zinkagamulidwa ku likulu, ndipo oyang'anira malo opangira magetsi adalibe mphamvu zokwanira zochitira zomwe akuona kuti n'zofunika, monga kugula msanga zipangizo zokonzera makina.

Tanthauzo lake n'lakuti luso lina lidali likadalipo m'kampanimo, koma lidali lomangidwa manja. Kusunga anthu odziwa ntchito n'kopanda phindu ngati mau awo safika pomwe zinthu zimagamulidwa.

Chitsanzo chodziwika kwambiri pa mfundoyi chikuchokera ku United States. M'chaka cha 1982 kampani ya General Motors idatseka fakitale yake ya galimoto ya ku Fremont, m'boma la California, yomwe idatchuka ndi kujomba, kunyanyala ntchito ndi galimoto zolakwika. M'chaka cha 1984 fakitaleyo idatsegulidwanso mogwirizana ndi kampani ya Toyota ya ku Japan, pansi pa dzina lakuti NUMMI, ndipo ambiri mwa antchito omwe adalembedwa adali akale omwe aja.

Chomwe chidasintha ndi momwe ankawaonera. Mazanamazana a iwo adatumizidwa ku Japan kukaphunzira. Wantchito aliyense adapatsidwa ufulu wokoka chingwe chotchedwa andon akaona cholakwika, ndipo ngati vutolo silidathe msanga, mzere wonse wopangira galimoto unkaima. Magulu ang'onoang'ono a antchito ankakonza okha kagwiridwe ka ntchito yawo, potengera mwambo wolandira maganizo a antchito womwe Toyota idayamba m'chaka cha 1951. Pasadapite zaka zambiri, kujomba kudatsika kwambiri ndipo galimoto za ku Fremont zidali m'gulu la zopangidwa bwino koposa m'mafakitale onse a General Motors.

Ku Eskom nakonso zinthu zidayamba kusintha pomwe chidwi chidabwerera ku malo opangira magetsi. Oyang'anira ozolowera ntchito adaikidwa m'malo omwe ankavuta kwambiri, makampani omwe adapanga makinawo adaitanidwa kudzathandiza kukonza, ndipo ntchito yokonza mwa dongosolo idawonjezeredwa. Mu Malichi 2024 mpando wa mkulu wa kampaniyi udapita kwa injiniya Dan Marokane, mmodzi mwa anayi aja omwe adaimitsidwa ntchito m'chaka cha 2015. Kuyambira pa 26 Malichi 2024 dzikolo lidakhala miyezi 10 magetsi osathimitsidwa mwa dongosolo, ndipo m'chaka cha ndalama chothera mu Malichi 2025 Eskom idapeza phindu koyamba pa zaka 8. Zina zidathandizapo, monga magetsi a dzuwa omwe anthu ndi makampani adadziikira pa madenga, ndiponso thandizo la boma pa ngongole. Komabe ambiri mwa makina omwe adayambanso kuyenda bwino adali akale omwe aja.

Phunziro kwa chigawo chonse

Dziko la Zambia lidadutsa m'njira yofanana ndi iyi m'migodi yake ya mkuwa. Litalandira ufulu m'chaka cha 1964 lidali ndi anthu pafupifupi 100 okha omaliza maphunziro a ku yunivesite. Pa zaka zotsatira, makampani a migodi, omwe adaphatikizidwa kukhala ZCCM m'chaka cha 1982, adaphunzitsa mbadwa zambiri za dzikolo umisiri ndi uinjiniya m'sukulu zawo komanso kunja. Mtengo wa mkuwa utagwa ndipo ndalama zokonzera migodi zitasowa, zokolola zidatsika kuchoka pa matani oposa 700,000 pa chaka cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kufika pafupifupi 250,000 m'chaka cha 2000, chomwe ntchito yogulitsa migodiyo idatha. Anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito m'chigawo cha Copperbelt.

Mtengo wa mkuwa utakweranso kuyambira cha m'ma 2004, eni migodi atsopano adayamba kusaka luso lomwe lidali litabalalika, ena mwa eni akewo atapita ku migodi ya maiko ena. Lero boma la Zambia likufuna kuti pofika m'chaka cha 2031 dzikolo lizikumba matani 3 miliyoni pa chaka, kuchoka pa oposa 800,000 a m'chaka cha 2024. Makina a ntchito imeneyi akhoza kugulidwa ndi kufika pa doko m'miyezi ingapo. Kapitawo wodziwa kuwerenga khalidwe la miyala pansi pa nthaka amatenga zaka zambiri kuti apsye.

Nthawi ina makampani a m'chigawo chino adakakamizika kuwerengera mtengo wa wantchito mmodzimmodzi. Mliri wa Edzi utafika pachimake, kampani ya diamondi ya Debswana ku Botswana idayamba kulipirira antchito ake mankhwala otalikitsa moyo m'chaka cha 2001, ndipo Anglo American idalengeza zomwezo m'chaka cha 2002, maboma ambiri asadayambe kupereka mankhwalawo m'zipatala zawo. Kupatula chifundo, padalinso masamu: kujomba chifukwa cha matenda, maliro, ndi kuphunzitsa munthu watsopano m'malo mwa womwalira zinkadya ndalama zambiri. Masamu omwewo saoneka kawirikawiri pomwe kampani ikukonza zochepetsa antchito.

Maiko angapo, kuphatikizapo South Africa, Zambia ndi Malawi, amatolera msonkho kwa olemba ntchito wothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Ndalama zimenezi zimalipira makalasi ndi ziphaso, zomwe n'zofunika. Koma nzeru za m'manja ndi m'makutu zija zimapatsiranidwa pa ntchito pomwepo, ndipo udindo wake uli ndi kampani iliyonse payokha.

Zoyenera kuchita si zachilendo. Kampani ikhoza kulemba maudindo omwe ntchito yonse ingaime ngati mwini wake atachoka mawa, n'kuonetsetsa kuti pa udindo uliwonse wotere pali wina amene akuphunzira. Ikhoza kupempha wopuma ntchito kuti ayende ndi womulowa m'malo kwa chaka chathunthu, ndi kumulipira pa ntchito yophunzitsayo. Ikhoza kupatsa kapitawo mphamvu yoimitsa ntchito akaona choopsa popanda kuopa chilango, monga momwe lamulo la chitetezo m'migodi la South Africa la 1996 limalolera wantchito kuchoka pamalo oopsa. Nawo mabungwe a antchito, omwe pokambirana za kuchotsa anthu ntchito amalimbikira kwambiri kukula kwa ndalama zotsanzikira, akhoza kufunsanso kuti amene akuchokawo asiyira yani zomwe akudziwa.

Chovuta n'chakuti zonsezi zimaoneka ngati kuononga ndalama m'mabuku a chaka chino, pomwe phindu lake limabwera m'zaka zomwe wina ndiye adzakhale pa mpando. N'chifukwa chake funsoli siliyenera kusiyidwa m'manja mwa mkulu wa kampani yekha. Ndi la mabodi oyang'anira makampani, eni masheya, ndiponso, pa makampani a boma a magetsi, madzi ndi njanji, la nduna ndi aphungu a nyumba za malamulo omwe amavomereza mapulani ochepetsa antchito. Asadavomereze, ali ndi ufulu wofunsa maina a maudindo omwe atsale opanda munthu, ndi zaka zomwe zidzafunike kuti wina adzafike pomwe ochokawo adafika.